Mbiri yeniyeni ndi mbiri yopeka ya nyimbo za ana za Chingerezi

Ku Ntengo-Wambalame, monganso m'midzi ina ya m'malire m'boma la Tsangano, si zachilendo kumva mwana amene sanayambe n'komwe phunziro la Chingerezi akuimba Twinkle, Twinkle, Little Star kapena Baa, Baa, Black Sheep. Makolo ambiri anaphunzirako sukulu ku Ntcheu ndi ku Dedza pa nthawi imene anathawira ku Malawi, nkhondo isanathe mu 1992, ndipo nyimbozi anabwera nazo. Masiku ano mavidiyo a m'mafoni awonjezerapo zina. Pamodzi ndi nyimbozo pakufalanso nkhani zonena kuti nyimbo iliyonse ili ndi tanthauzo lobisika: iyi akuti ikunena za mliri, iyi za msonkho, iyi za nkhondo. Nkhani zoterezi zimakoma kumva, ndipo mphunzitsi angathe kuzitola n'kukaziphunzitsa ngati zoona.

Buku limene limathandiza kupeta nkhanizi ndi The Oxford Dictionary of Nursery Rhymes, lolembedwa ndi Iona Opie ndi mwamuna wake Peter Opie, ndipo linatuluka mu 1951. Muli nyimbo zoposa 500. Pa nyimbo iliyonse olembawa anafunsa mafunso ochepa koma ovuta: inasindikizidwa koyamba liti, m'buku liti, ndipo mawu ake anasintha motani m'kupita kwa zaka. Pamene umboni unathera, iwonso analekera pomwepo.

Zimene mapepala amasonyeza

Mfundo yaikulu ya a Opie ndi yakuti nyimbo zambiri zimene lero zimatchedwa za ana sizinapekedwe chifukwa cha ana. Zina ndi zidutswa za nyimbo za akuluakulu, zina ndi miyambi, zina ndi zilape, zina ndi mfuu za ogulitsa malonda m'misewu. Hot Cross Buns, mwachitsanzo, inayamba ngati mfuu ya ogulitsa mabanzi, yosasiyana ndi mmene wogulitsa mbatatesi pa msika wa m'malire amaitanira ogula. Olera ana ankaimba zimene zinali m'kamwa mwawo, ana n'kusunga.

Nyimbozi zinayamba kusonkhanitsidwa m'mabuku m'zaka za m'ma 1700. Kabuku ka Tommy Thumb's Pretty Song Book, kosindikizidwa ndi Mary Cooper ku London cha m'ma 1744, kanali ndi nyimbo pafupifupi 40, kuphatikizapo Baa, Baa, Black Sheep ndi London Bridge. Mu 1842 James Orchard Halliwell anatulutsa The Nursery Rhymes of England, ndipo kuyambira pamenepo nyimbozi zinayamba kuonedwa ngati chinthu choyenera kufufuzidwa.

Zina mwa nyimbo zotchuka kwambiri n'zaposachedwa ndithu, ndipo eni ake amadziwika. Mawu a Twinkle, Twinkle, Little Star ndi ndakatulo ya Jane Taylor yosindikizidwa mu 1806. Maimbidwe ake si a ku England: anachokera ku nyimbo ya ku France imene inasindikizidwa mu 1761, yomwenso Mozart anaigwiritsa ntchito. Maimbidwe omwewo ndi amene ali mu Baa, Baa, Black Sheep ndi m'nyimbo yotchula zilembo za alifabeti. Mary Had a Little Lamb inalembedwa ndi Sarah Josepha Hale ku Boston mu 1830. Choncho chimene chimatchedwa chikhalidwe cha Angerezi chamakedzana ndi msanganizo wa za ku England, ku France ndi ku America.

Nthano zitatu zosaima pa umboni

Nkhani yofala kwambiri ndi ya Ring a Ring o' Roses, imene akuti imanena za mliri umene unapha anthu ambiri ku London mu 1665. Vuto ndi lakuti mawu a nyimboyi amene akudziwika lero anasindikizidwa m'buku la Kate Greenaway mu 1881, patapita zaka 216 chichitikireni mliriwo. Amene anasonkhanitsa nyimboyi m'zaka za m'ma 1800 sanatchulepo za mliri, ndipo m'madera osiyanasiyana ana ankaiimba ndi mawu osiyana, ena osagwirizana n'komwe ndi matenda. Kufotokoza kwa mliriko kunayamba kumveka chapakati pa zaka za m'ma 1900.

Nkhani yachiwiri ndi yakuti Baa, Baa, Black Sheep ndi dandaulo pa msonkho wa ubweya wa nkhosa umene unakhazikitsidwa mu 1275. Ganizoli linafalitsidwa ndi Katherine Elwes Thomas m'buku lake la mu 1930, The Real Personages of Mother Goose, limene linkafuna kupezera nyimbo iliyonse mfumu kapena nduna yake. Pakati pa msonkhowo ndi kusindikizidwa koyamba kwa nyimboyi pali zaka zoposa 450, ndipo palibe cholembedwa cholumikiza ziwirizi.

Yachitatu ndi ya Humpty Dumpty, amene ena amati anali mzinga kapena chida chogumulira linga pa nkhondo yapachiweniweni ya ku England. Mu 1956 David Daube, pulofesa wa zamalamulo ku Oxford, analemba zofanana ndi zimenezi m'magazini ina ngati nthabwala, koma anthu ena anazitenga kukhala mbiri. A Opie amaona nyimboyi, imene inasindikizidwa koyamba mu 1797, ngati chilape chimene yankho lake ndi dzira: chinthu chimene chikagwa palibe angachibwezere mwakale. Mwana wa ku Furancungo amene amadziwa chilape choyerekeza dzira ndi nyumba yopanda khomo ali kale pafupi ndi tanthauzo la nyimboyi kuposa munthu wamkulu amene akufunafuna mzinga.

Pamene bukuli likuperewera

Buku la a Opie ndi lodalirika chifukwa cha kusamala kwake, koma kusamala komweko kuli ndi malire. Chaka chimene nyimbo inasindikizidwa si chaka chimene inabadwa, ndipo olembawo amavomereza zimenezi. Komabe wowerenga wosachenjera angaganize kuti nyimbo imene ilibe pepala ilibenso mbiri. Akaganiza chonchi, nyimbo zotonthozera mwana za Chinyanja, nyimbo zapamtondo ndi nyimbo za masewera a usiku kukawala mwezi zimaoneka ngati zopanda chiyambi, pamene za Chingerezi zimaoneka ngati zamaphunziro. Kusiyana kwenikweni n'kwakuti ku London kunali makina osindikizira ndi anthu ogula timabuku ta ana.

Chachiwiri, bukuli limasunga mawu kwambiri kuposa maimbidwe, kuomba m'manja ndi kayendedwe ka thupi. Komatu kwa mwana nyimbo ndi zonsezi pamodzi. Chachitatu, silinena zambiri za ulendo wa nyimbozi kupita kumaiko amene ankalamulidwa ndi Angerezi, kumene zinakhala chida chophunzitsira chilankhulo cha olamulira. Mbali imeneyi ndi imene ikukhudza kwambiri madera a m'malire ngati ano.

Tanthauzo lake m'kalasi la zilankhulo ziwiri

Maphunziro a zilankhulo ziwiri m'chigawo cha Tete ali ndi mizu yake mu PEBIMO, ntchito yoyeserera imene inachitika kuyambira 1993 mpaka 1997 pansi pa INDE, pogwiritsa ntchito Chinyanja ku Tete ndi Chichangana ku Gaza pamodzi ndi Chipwitikizi. Mfundo yake inali yakuti mwana amaphunzira msanga kuwerenga m'chilankhulo chimene amachimva. Nyimbo yoimbidwa mwana asakumva mawu ake imatsutsana ndi mfundo imeneyi. Ana angathe kuimba Twinkle, Twinkle, Little Star mosaphonya chaka chonse koma osadziwa kuti ikunena za nyenyezi.

Palinso nkhani ya kapangidwe ka zilankhulo. Nyimbo za Chingerezi zimakoma chifukwa mawu a kumapeto kwa mizere amamveka mofanana, ndipo zimenezi zimathandiza mwana wolankhula Chingerezi kumva maliwu a chilankhulo chake. Mu Chinyanja mawu amathera ndi lembo la liwu, choncho kufanana kwa kumapeto n'kosavuta kupeza ndipo sikumene kumanyamula nyimbo. Nyimbo zakuno zimadalira kubwereza, kuyankhizana kwa wotsogolera ndi ovomera, ndi kufanana kwa maphatikizo a kumayambiriro kumene kumabwera ndi magulu a mayina, monga mmene chi amabwererabwerera m'mawu akuti chimanga changa chacha. Mphunzitsi amene akufuna kuti ana amve maphatikizo asanayambe kuwalemba adzapeza zambiri m'nyimbo zimene anawo abwera nazo kuchokera kumudzi kuposa m'nyimbo yotanthauziridwa kuchokera ku Chingerezi.

Izi sizikutanthauza kuti nyimbo za Chingerezi zichotsedwe. Zikafika nthawi yake, zimathandiza pa katchulidwe ndi kukumbukira mawu, malinga ngati tanthauzo lafotokozedwa kaye mu Chinyanja. Humpty Dumpty ingayambitsidwe ngati chilape, ana n'kuiyerekeza ndi zilape zawo. Chosayenera ndi kuonjezerapo mbiri yopeka pofuna kuipatsa ulemu.

Ntchito imene aphunzitsi angagwire

Chitsanzo chabwino chikuchokera kwa a Opie omwewo. Buku lawo la mu 1959, The Lore and Language of Schoolchildren, linachokera pa zimene ana pafupifupi 5,000 a m'sukulu 70 anapereka, ndipo amene anathandiza kusonkhanitsa zimenezi anali aphunzitsi. Iwo anasonyeza kuti ana amasunga ndi kusintha nyimbo zawo paokha pabwalo la sukulu, akuluakulu asakudziwa.

Zomwezi zingatheke m'ma ZIP a ku Tsangano ndi ku Macanga popanda ndalama zambiri. Pamafunika kope ndi foni yojambula mawu. Pa nyimbo iliyonse palembedwe mawu monga mmene ana akuimbira, osawakonza, komanso mudzi, tsiku, msinkhu wa oimbawo, masewera amene amayenda nayo, ndi amene anawaphunzitsa, kaya ndi agogo, anzawo kapena wailesi. Ngati mawu a ku Ntengo-Wambalame akusiyana ndi a ku Furancungo, onse alembedwe, chifukwa kusiyanako n'kumene kumasonyeza njira imene nyimbo inadzera. Nyimbo zosakaniza Chinyanja, Chipwitikizi ndi Chingerezi zilembedwenso. Ngati agogo afotokoza tanthauzo la nyimbo, lilembedwe ngati mawu awo, ndipo ngati palibe amene akudziwa, malowo asiyidwe opanda kanthu. Makolo apemphedwe chilolezo ana asanajambulidwe, ndipo makopewo azisungidwa pa sukulu imene ili likulu la ZIP kuti aphunzitsi a makalasi oyambirira aziwagwiritsa ntchito pokonza maphunziro a kuwerenga.