Ndani Anadyetsa Kolipoki? Mafilimu Awiri a Anyamata a Malaya Oyera

Amene mumapita pa Intercity m'mawa munawaonako. Anyamata awiri ovala malaya oyera ndi tayi, kabaji kakuda pacifuwa kolembedwa kuti Elder, ang'wang'wazi akuwakoka wina ku basi ya Chipata wina ya Kitwe. Ku Kabwata ndi ku Chelstone timawacha a Mormon, ngakhale kuti mu 2018 mtsogoleri wa mpingo wawo, Russell M. Nelson, anapempha kuti dzinali lisiyidwe. Mnyamata amatumidwa kuyambira zaka 18, amatha zaka ziwiri, dziko sasankha yekha, ndipo kufikira mu 2019 anali kuloledwa kutuma foni kwawo kawiri cabe pa caka. Nkhani ilipo kale mu umoyo wotere. Pa holide yapitayi ndinaonanso mafilimu awiri amene anayesa kuisimba, ndipo ndikuti onse awiri anailambalala pamalo amene inali kukoma.

Yoyamba ndi The Other Side of Heaven ya mu 2001, yopangidwa ndi Mitch Davis kucokera m'buku la John H. Groberg. Groberg anacoka ku Idaho m'ma 1950 n'kukafika pa Niuatoputapu, kacilumba ka ku Tonga kumene bwato lobweretsa cakudya ndi makalata limabwera mwa apo ndi apo. Anthu akumeneko analephera kuchula dzina lake, anangomucha Kolipoki. Filimuyi imamupatsa mavuto mondondozana. Cinenero sacimva, ndiye akhala pansi ndi Baibulo la Cingelezi ndi la Citonga mpaka makutu atseguka. Agona mapazi ali pamtunda, makoswe amudya kuphazi. Cimphepo ciwononga minda, njala igwa. Pakati pa zonsezi timamva makalata ake kwa Jean, mtsikana amene anamusiya kwawo, woseweredwa ndi Anne Hathaway.

Davis afuna tikhulupirire kuti mnyamatayu anakula mu uzimu cifukwa anapirira. Ine sindinakhutire. Kupirira ngakhale wa wilibala pa Soweto Market amapirira, ndipo palibe amamupangira filimu. Pamene ndinaona munthu akusinthadi ndi pa cocitika cimodzi ca mkati mwa njala ija. Groberg wafooka, watsala mafupa. Abwera mbusa wokalamba wa mpingo wina, amene poyamba sanali kumufuna pa cilumbaco, amupatsa kacitini ka jamu kamene kanamutsalira. Bwato la cakudya likufika, mkuluyo wamwalira. Ganizirani bwino. Mnyamata anawoloka nyanja kudzatenga nkhosa za mkuluyu, ndipo wakhala ndi moyo cifukwa mkuluyo anasankha kusadya. Munthu amadzuka bwanji m'mawa mwake n'kupitiriza kugogoda pa zitseko za akhristu a malemuyo? Amapemphera ciani? Apa wolemba wolimba mtima akanaima, n'kutisiya tikhale ndi manyaziwo. Davis amangoliza nyimbo yacisoni n'kuthamangira ku namondwe wina wa panyanja, cifukwa namondwe amaoneka bwino pa kamera.

Cimodzimodzi ndi Feki, mnzake wa Citonga amene amagona naye nyumba imodzi, amamumasulira, amamuuza zoyenera ndi zosayenera pamaso pa akulu. Popanda Feki, Kolipoki akanabwerera ku Idaho asanathe mwezi. Koma makalata amene timamva ndi a pakati pa Kolipoki ndi Jean. Feki sitimumva akulembera munthu. Ine amene ndinakulira mu Reformed Church in Zambia ndimaidziwa mbiri yotere. Timaloweza kuti amishonale a Dutch Reformed anafika pa Magwero mu 1899, koma amene anawasenzera katundu, kuwaphikira nsima ndi kuwawongola lilime, maina awo sabwera pa mayeso.

Ndiye cifukwa cake Freetown ya mu 2015, yopangidwa ndi Garrett Batty ndi kujambulidwa ku Ghana, ndinaiyamba ndi mtima wabwino. Amishonale ake ndi anyamata akuda a ku Liberia, asanu ndi mmodzi. Caka ndi 1990, asilikali oukira a Charles Taylor akusaka anthu a mtundu wa Krahn, mtundu wa Pulezidenti Samuel Doe, ndipo mmodzi mwa anyamatawa ndi wa mtunduwo. Athithikana m'kagalimoto ka Philip Abubakar, mtsogoleri wa mpingo kumaloko, kuthawira ku Sierra Leone, mafuta ali ocepa, pa rodibuloko iliyonse pali mfuti ndi funso lakuti ndiwe wa mtundu wanji. Mantha a mufilimuyi ndi enieni. Ndinagwira mpando kangapo.

Koma anyamatawo amalowa m'galimoto ali ndi cikhulupiriro codzaza ndipo amatsikamo ciri cimodzimodzi. Amene amavutika mumtima, amene amawerenga mafuta ndi kukayika, ndi Abubakar woyendetsa, ndipo kwa ine filimuyi ndi yake. Pali funso linanso limene anyamata otere sakanalephera kulisenza. Kufikira mu June 1978, pa nthawi ya Spencer W. Kimball, mpingowu sunali kupereka unsembe kwa amuna akuda. Mu 1990 panali patangopita zaka 12. Mnyamata wa ku Monrovia amene akuika khosi lake pa mfuti cifukwa ca kabaji kaja ayenera kuti analimbana nalo funsoli usiku wambiri. Freetown sikhalitsa pamenepo. Ikufulumira kukafika kumalire.

Ndisaname, onse awiri ndi oyenera kuwaona, makamaka Freetown. Anapangidwa ndi okhulupirira kuti alimbitse okhulupirira anzawo, ndipo nchito imeneyo amaigwira. Vuto langa ndi la wowerenga mabuku. Onse amaganiza kuti mmishonale amakula ndi zimene wapereka ndi zimene wapulumuka, pamene zocitika zawo zabwino koposa zikuonetsa munthu amene akulandira m'manja mwa anthu amene anali kuganiza kuti ndiye wabwera kudzawapatsa.

Nkhaniyi yatifika pakhomo tsopano. Kuyambira mu 2011 mishoni ya mpingowu yoyang'anira Zambia ili ndi likulu muno mu Lusaka, ndipo amene amavala malaya oyera aja si azungu okha. Ana a m'makomboni athu nawonso amatumidwa kunja. Wina amene ndinamuphunzitsa mu Giredi 11 anapita ku Ghana. Atabwerako tinakumana pa Kulima Tower, ndipo ndinamufunsa kuti anabatiza angati. Anaseka. Anandisimbira za mayi wina wogulitsa nsomba amene anakana kubatizidwa mpaka iye kucoka, koma atadwala malungo anali kumubweretsera supu tsiku lililonse, n'kumukalipira cifukwa cotafuna fufu m'malo momeza. Akuti dzina la mayiyo amalichula m'pemphero kufikira lero, ndipo sadziwa kuti akumupempherera ciani kwenikweni.

Ndinamuuza kuti, "Iwe, lemba zimenezo m'Cinyanja."

"Aticha, adzawerenga ndani?"

Basi yake ya ku Chelstone inali itadzaza, kondakita akumenya citseko. Ndinamulembera adiresi ya magazini ino kuseli kwa risiti, n'kumuponyera pa windo.