Za Mabungwe Osonkhera Oyimba ndi Okamba Nkhani

Mwezi uno tifuna kuika pa muyeso mwambo wina umene wakula m'maiko a kutsidya kwa nyanja, ndiwo wa anthu ogwirizana kusonkha ndalama mwezi ndi mwezi kuti woyimba, wolemba, wojambula kapena wokamba nkhani apeze cakudya ndi kupitiriza nchito yace. Ambiri a ife tamvapo pa foni nkhani zija zochedwa podcast, ndizo mau ojambulidwa monga a pa wailesi, koma osungidwa pa intaneti kuti munthu awamve nthawi imene afuna mwini. Dzinali linayamba kumveka m'caka ca 2004. Timazimva osalipira kanthu, ndipo sitifunsa kuti wokambayo adya ciani. Koma tiyenera kufunsa, pakuti iye amene adyetsa mmisiri ndiye kawirikawiri amuuzanso cimene anene.

Kale mmisiri wa mau anatsamira pa munthu mmodzi wacuma. Samuel Johnson wa ku England, polemba buku lace lalikuru lomasulira mau a Cingerezi, anayembekeza thandizo kwa Lord Chesterfield. Koma mkuluyo anampatsa mapaundi 10 okha, namuiwala zaka zisanu ndi ziwiri. Bukulo litayandikira kuturuka m'caka ca 1755, pamenepo mkulu uja anayamba kuliyamikira pamaso pa anthu, ndipo Johnson anamlembera kalata yomdzudzula imene ikumbukika kufikira lero. Alexander Pope anayenda njira yina. Pomasulira Iliad ya Homer, imene inaturuka kuyambira 1715 kufikira 1720, anasonkhanitsa maina a anthu mazana olipiriratu mabukuwo, napeza cuma cokhalira pa yekha osagwadira mwini cuma ali yense. Cotero mwambo uwu suli watsopano. Catsopano ndico cipangizo cosonkhera.

M'caka ca 2013 woyimba wina wa ku America, dzina lace Jack Conte, anataya madola ngati 10,000 pokonza kanema wa nyimbo imodzi. Iye anadziwa kuti ngakhale anthu miyandamiyanda aonere pa YouTube, malipiro ocokera kwa otsatsa malonda sadzabweza ngakhale kagawo kocepa ka ndalamazo. Tsono iye ndi mnzace Sam Yam anayambitsa Patreon ku San Francisco. Kayendedwe kace nkotere: mmisiri atsegula tsamba lace, naika masitepe a zopereka, kaya madola 3, kaya 5, kaya 10 pa mwezi, womkonda alembetsa dzina, ndipo ndalama icoka yokha ku banki yace mwezi uli wonse kufikira ataleka. Poyamba eni a Patreon anatengapo madola 5 pa 100 ali onse. Ganizo lace linanenedwa kale ndi Kevin Kelly m'caka ca 2008, kuti mmisiri sasowa khamu losawerengeka. Akakhala nao omkonda zenizeni 1,000, yense wopereka madola 100 pa caka, adzakhala ndi moyo.

Zokoma za mwambowu sitizikana. Coyamba, mmisiri wosonkheredwa ndi anthu 1,000 sagwa pamene mmodzi wakwiya. Mutu umodzi susenza denga, ndipo denga losenzedwa ndi ambiri siligwa wina akapunthwa. Caciwiri, nkhani zimene wamalonda sangazisamale, monga mbiri ya kamudzi kakang'ono kapena maphunziro a cinenero ca anthu owerengeka, zikhoza kukhala ndi moyo ngati alipo ocepa ozikonda ndi mtima wonse. Cacitatu, osonkhawo amadziwana, nalemberana, naona kuti nchitoyo iri yaonso. Ife odziwa dima sitidabwa naco ici: munda umene tinalima pamodzi timauyang'ana ndi diso lina popita panjira. M'caka ca 2014 anthu oposa 21,000 anasonkha madola oposa 600,000 pa Kickstarter kuti akuze Radiotopia, gulu la okamba nkhani limene Roman Mars anathandiza kuyambitsa. Gulu lina, Maximum Fun, loyambitsidwa ndi Jesse Thorn, lakhala likuitana omvera ace caka ndi caka kuti alembetse. Ndipo m'caka ca 2023 linasanduka la anchito ace omwe.

Komatu walira mvula walira matope, ndipo matope a mwambowu tiwaone bwino.

Coipa coyamba ndico cakuti pakati pa wopereka ndi wolandira paima mwini msika, amene asintha msonkho monga afuna. Mu December 2017 eni a Patreon analengeza kuti wopereka yense adzaonjezera masenti 35 ndi kagawo kena pa copereka ciri conse. Kwa wopereka madola 50 ici cinali cacabe. Koma kwa iye wopereka dola imodzi kwa amisiri khumi, mtolo unakula koposa. Opereka pang'ono ambiri anafafaniza maina ao, ndipo amisiri anaona nkhokwe zao zirikutsika popanda kulakwa kwao. Atapfuula anthu, eniwo anapepesa nabweza mau ao pasanathe masabata awiri. Koma si onse ocoka amene anabwerera. Mu November 2024 kampani ya Apple inayamba kutengapo 30 pa 100 pa olembetsa atsopano odzera pa mafoni ace, ndipo mu August 2025 msonkho wa Patreon kwa amisiri atsopano unaikidwa pa 10. Wolima m'munda wobwereka asadzichule mfulu.

Caciwiri, akudya ndi owerengeka. M'caka ca 2017 mlembi wina, Brent Knepper, atawerenga zolandira za amisiri a pa Patreon, anapeza kuti ngati awiri okha mwa 100 analandira zofika pa malipiro ocepetsetsa amene lamulo la America lilola kwa wanchito. Cifukwa cace ncosabisika: cipangizo ici sicipatsa munthu omvera, cingotuta kwa omvera amene ali nao kale. Wochuka aonjezeredwa, ndipo wongoyamba kumene aitana m'cipululu. Anyamata athu amene amva za ocepa olemerawo asafulumire kutaya khasu.

Cacitatu ndico colemera koposa, ndipo cikhudza coonadi. Tinati mmisiri waomboledwa kwa mbuye mmodzi. Koma kodi sanagulidwe ndi ambuye 1,000? Wokamba nkhani za dziko amene asonkheredwa ndi anthu a maganizo amodzi adziwa kuti tsiku limene adzanena kuti a mbali yao alakwa, maina adzayamba kucoka usiku womwewo, ndipo iye adzaona ciwerengero cace m'mawa. Palibe amletsa kulankhula, koma mimba yace imlangiza. Pang'ono ndi pang'ono aphunzira kunena zokomera m'makutu, ndipo omvera ayesa kuti amva munthu wolimba mtima, pamene angomva mau ao omwe alikubwerera kwa iwo. Ndiponso khamu silikhala ndi cikumbumtima. Mozart, mmisiri wamkuru wa nyimbo, anali ndi maina 174 a olembetsa ku zoyimba zace ku Vienna m'caka ca 1784. Koma m'caka ca 1789 anayendetsa pepala masabata awiri, nilibwera ndi dzina limodzi lokha. Luso lace silinacepe. Anthu ndiwo anatembenuka. Cifukwa ca mantha otere amisiri ambiri a lero saona mpata wakupuma, angakhale adwale, pakuti mwezi wopanda nkhani yatsopano ndiwo mwezi wocotsa maina.

Cacinai, kusonkha kumasanduka mpanda. Pofuna kukopa olembetsa, ambiri amabisa nkhani zao zabwino koposa kuti azimve olipira okha. Pamenepo sicirinso copereka, koma malonda obvala dzina la ubale. Ndipo wosauka, monga ambiri a ife opanda khadi la ku banki, atsala kunja alikumvera pa zenera.

Tsono tiweruza bwanji? Ife titi mwambowu uposa kugwadira wacuma mmodzi, uposanso kutumikira otsatsa malonda. Koma ukoma wace utsamira pa mtima wa osonkhawo. Uli wabwino pamene iwo apereka kuti nchito ikhale ya onse, olipira ndi osalipira omwe. Pamene mmisiri asunga yekha maina a abwenzi ace, kuti mwini msika akasintha asatayike nao. Ndi pamene wopereka akhoza kumva mau omwawa, osabweza dzanja lace. Ukasowa izi, ungosintha goli, osalicotsa.

Ndipo ife tisayese kuti mlandu uwu uli wa kutali kokha. Pakati pathu alipo oyimba amene nyimbo zao tidzaza nazo mafoni athu pa msika, mwini nyimbo osalandirapo ngakhale tambala. Alipo olemba amene buku lao limodzi lizungulira mudzi wonse kufikira litang'ambika. Tikondwera nao, koma sitifunsa ngati ana ao adya. Amene atiyimbira ndi kutiphunzitsa tiwathandize ndi cimene tiri naco, ndipo tsiku limene adzatidzudzula tisaleke kuwathandiza.