Kujambula tsoka la Chilobwe pamaso pa eni ake

Usiku wa pa 12 kuchera pa 13 Malichi 2023, matope, madzi ndi miyala zinatsika m'phiri la Soche n'kukokolola nyumba ku Chilobwe ndi ku Manja. Namondwe wa Freddy, amene anakhala masabata oposa asanu asanazilale, anapha anthu oposa 1,000 m'Malawi muno tikawerengera ndi amene matupi awo sanapezeke, ndipo anthu oposa theka la miliyoni anasowa pokhala. Zithunzi za ku Chilobwe zinafika dziko lonse lapansi: amuna akufukula matope ndi makasu, amayi atakhala pansi ndi mitolo, mabokosi a maliro atandandalikidwa pa sukulu ya Naotcha. Zithunzizo zinagwira ntchito imene anazijambulira, pakuti ufa ndi mabulangete zinabwera. Koma zinajambulidwa kuti azione anthu akutali. Wojambula kapena wosema amene akufuna kukonza chionetsero choti aone eni ake a Chilobwe ali ndi ntchito yolemera kuposa pamenepo, chifukwa akuyankhula ndi anthu amene nkhaniyo akuidziwa kumuposa.

Zojambula zambiri za nkhani ya chilengedwe zimene timaziona pa makoma a sukulu ndi m'mbali mwa misewu zimafanana ngati zinatuluka m'dzanja limodzi. Pamakhala mtengo wobiriwira, nkhwangwa yoikidwa mtanda wofiira, mwana akumwetulira, ndipo pansi pake mawu akuti tibzale mitengo, kenako chizindikiro cha bungwe limene lagula utoto. Vuto lake si kuchepa kwa luso la dzanja; ambiri mwa anyamata olemba zikwangwani za masaluni ndi magolosale ku Ndirande, Bangwe ndi Zingwangwa ali ndi dzanja lokhazikika bwino. Vuto n'lakuti uthenga umakhala utapsa kale mu ofesi mmisiri asanagwire burashi, ndiye iye amangoukongoletsa. Uthengawo umalozanso chala kwa wosauka. Munthu amene anamanga m'mbali mwa Soche safunika kuuzidwa kuti pamalopo m'poopsa. Mwina anachokera ku Thyolo kapena ku Mulanje, kumene malo ambiri achonde ali pansi pa minda ya tiyi. Anafika m'tauni kudzafuna ganyu. Lendi ya kumunsi inamukanika. Anakwera phiri n'kuumba zidina. Makala amene anamaliza mitengo ya m'mapiri athu amaphikira ngakhale nyumba za mipanda ya njerwa magetsi akazima. Ku Chilobwe, kusamuka kwa anthu, kuonongeka kwa chilengedwe ndi kusowa kwa chilungamo ndi nkhani imodzi, ndipo luso lagona pa kupeza chinthu chimodzi chooneka ndi maso chimene chingasenze zonsezo.

Samson Kambalu anasonyeza mmene zimenezi zimachitikira. Chiboliboli chake chotchedwa Antelope, chimene chinaimikidwa pa Trafalgar Square ku London mu Sepitembala 2022, anachitenga pa chithunzi cha mu 1914 cha John Chilembwe ndi mmishonale John Chorley, ataima pa tchalitchi cha ku Mbombwe ku Chiradzulu. Kambalu sanaseme mfuti kapena unyolo. Anasankha chipewa. Nthawi imeneyo munthu wakuda sankaloledwa kuvala chipewa pamaso pa mzungu, koma pachithunzipo Chilembwe wavala. Chinanso chimene anachita ndi kusintha msinkhu: Chorley ali pa msinkhu wa munthu wamba, pamene Chilembwe watalika kwambiri kumuposa. Ndi zisankho ziwiri zokhazo, chipewa ndi msinkhu, utsamunda wonse waonekera popanda liwu lolembedwa. Amisiri athu ambiri akapatsidwa mutu waukulu amafuna kuthira zonse pa nsalu imodzi: mvula, njala, katangale, ndege ya ku Joni, misozi. Akulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Diso la woonera likasowa poima, mtima wake sugwidwa ndi chilichonse.

Chipangizo nachonso chimayankhula. Gulu la Ozhopé, limene mmodzi mwa oliyambitsa ndi Massa Lemu, litafuna kufunsa za mapulani okumba mafuta pansi pa nyanja ya Malawi, linapita kugombe n'kugwiritsa ntchito bwato, pa ntchito imene linaitcha Row. Bwato ndi chinthu chimene msodzi amachidziwa ndi thupi lake lonse. Amadziwa mtengo umene unasemedwa, amadziwa kuti mitengo yotere ikusowa, amadziwa pamene anamata chigamba. Akaliona bwatolo litasanduka chosema, safuna womumasulira. Ku Chilobwe zipangizo zoterezi zilipo: lata lopindika ngati pepala, chitseko chimene chinatsala chokha nyumba itapita, poto wodzaza dothi louma, ndiponso miyala ikuluikulu imene inagubuduka kuchoka m'phiri. Komabe kuunjika zinyalala m'holo si luso. Mmisiri ayenera kusankha, kutaya zambiri, kuganiza za mtunda pakati pa chinthu ndi chinzake, ndi kudziwa ngati latalo aligoneke pansi kapena alipachike pamwamba pa mitu ya anthu, pamene denga limakhala. Lata lopachikidwa m'mwamba limamukumbutsa munthu kuti pansi pake pankagona banja. Lata logonekedwa pansi limangokhala chitsulo chokagulitsa pa sikelo.

Billie Zangewa, amene anabadwira mu Blantyre mu 1973 ndipo amakhala ku Johannesburg, amasoka zithunzi zake pamanja ndi tizidutswa ta silika, ndipo nthawi zambiri amasiya m'mphepete mosalingana, pena ngati padulidwa chigawo. Zimene amasoka ndi za m'nyumba: mayi ndi mwana wake, kukhitchini, kupumula. Phunziro lake kwa wokonza chionetsero cha m'dera ndi lakuti malo osiyidwa opanda kanthu nawonso ndi gawo la chithunzi. Pofotokoza za banja limene linataya anthu atatu, chithunzi cha mphasa yokhala ndi mbale zisanu koma odya awiri chimafika patali kuposa chithunzi cha mtembo. Ndipo ku Chilobwe amayi odziwa singano, atelala a pakhonde ndi oluka mphasa alipo ambiri. Chionetsero chimene chimangodalira utoto ndi kamera chimawasiya panja anthu amene manja awo ali kale ndi luso.

Malo oonetsera ndi gawo lina la ntchitoyi limene ambiri amaliyesa laling'ono. Blantyre ali ndi malo abwino: La Caverna ku Mandala House, Jacaranda Cultural Centre, ndi nyumba yosungiramo zinthu zakale ku Chichiri. Malowa athandiza amisiri ambiri kupeza ogula. Koma mayi wogulitsa tomato pa msika wa Chilobwe sasiya benchi lake n'kulipira minibasi kuti akaone chithunzi cha tsoka lake lomwe pakati pa alendo oyankhula Chingerezi. Trésor Mpauni, wodziwika ndi dzina lakuti Menes la Plume, anaimvetsa mfundoyi pamene anayambitsa chikondwerero cha Tumaini mu 2014. Sanatenge othawa kwawo kupita nawo ku hotela ya ku Lilongwe. Anaitanira anthu mu kampu ya Dzaleka momwemo ku Dowa, malo amene kale anali ndende ya andale ndipo tsopano muli anthu oposa 50,000. Polowa salipiritsa, ndipo alendo ena amagona m'nyumba za othawa kwawowo. Pamenepo amene dziko limamutcha wopempha amakhala mwini khomo, mlendo n'kukhala wolandiridwa. Gule wamkulu wakhala akuchita zofananazo kuyambira kale: Simoni, wa nkhope yofiira ngati mzungu wopsa ndi dzuwa, amavina pa bwalo la m'mudzi pamaso pa anthu amene akudziwa chimene akusekacho.

Kusankha holo ya tchalitchi, kalasi ya sukulu kapena khoma la pamsika kumabwera ndi mavuto ake, ndipo kuwathetsa ndi luso ndithu. Magetsi sadalirika, choncho zinthu ziyang'ane kumene kuwala kwa dzuwa kumalowera. Oonera ambiri adzakhala ana, ndiye zithunzi zisapachikidwe pa msinkhu wa munthu wamkulu pokhapokha. Mawu ofotokoza akhale m'Chichewa choyamba, achidule, onena chimene chinthucho chili ndi kumene chinatoledwa, osati ouza munthu mmene ayenera kumvera. Kwa amene kuwerenga kumawavuta, mawu ojambulidwa pa foni n'kumveka pa sipika yaing'ono amakwanira, makamaka akakhala mawu a eni nkhani. Zitseko zikhale zotsegula Loweruka madzulo ndi Lamulungu anthu akaweruka ku mapemphero, osati Lachiwiri m'mawa chifukwa choti ndi nthawi imene mlendo wolemekezeka wapeza mpata.

Nkhani ya nkhope ndi maina ndi yofunika kuigwira mosamala kwambiri kuno. Dzina la Chilobwe linasenzapo kale mbiri yolemera. Pakati pa 1968 ndi 1970 anthu pafupifupi 30 anaphedwa usiku m'nyumba zawo m'madera a Blantyre, kuphana kumene mpaka lero kumatchulidwa ndi dzina la Chilobwe. Mphekesera zinkati magazi awo akupita ku South Africa. Walla Laini Kawisa anagwidwa mu 1970, ndipo nduna Gomile Kumtumanji inathera m'ndende. Kwa zaka zambiri anthu akutali ankamva Chilobwe n'kuganiza za imfa, ndipo Freddy anawonjezera pomwepo. Mmisiri amene amangoonetsa olira akupitiriza mbiri yomweyo. Amene anayamba kufukula anzawo m'matope anali anansi, ndi makasu ndi manja, thandizo lisanafike, ndipo nkhope zawo n'zoyenera kukhala pa khoma. Chithunzi cha womwalira, dzina lake, kapena katundu wa m'nyumba mwake zisaonetsedwe banja lisanavomere, ndipo likakana, nkhani yathera pomwepo.

Pa kusamuka, chizindikiro chimene chatopetsa ndi chikwama ndi mapazi a munthu pa msewu. Blantyre ali ndi umboni wake wolunjika. Depoti ya mabasi ya Wenela ikusungabe dzina la bungwe limene linkalemba amuna opita ku migodi ya ku South Africa, mpaka Dr Banda anaimitsa kulembako mu 1974 ndege itagwa ku Francistown n'kupha Amalawi oposa 70. Lero ulendo wa ku Joni ukupitirira pa basi. M'makwalala a m'matauni athu umaonekera pa nyumba imene inafika pa lintala n'kuima chifukwa wotumiza ndalama anasiya kuimba foni. Wojambula amene angajambule nyumba zoterezi khumi, iliyonse pamene inaimira, wanena za matchona zimene chikwama sichinganene.

Anthu ambiri atamva mkokomo wa m'phiri anatchula Napolo, monga anatchulira ku Zomba mu 1946 ndi ku Phalombe mu 1991. Steve Chimombo anaonetsa m'ndakatulo zake za Napolo kuti chilombo cha pansi pa phirichi chingathe kusenza nkhani za ulamuliro ndi mantha a dziko. Mmisiri asamuseke Napolo, pakuti ndi mmene anthu amatchulira mphamvu yowaposa. Koma asamulolenso kuti asenze mlandu wonse. Pambali pa Napolo payenera kuoneka chitsa cha mtengo, kapepala kogulitsirana puloti pamalo otsetsereka, ndi ngalande imene sinakumbidwe. Chionetsero chimene chimachotsa Napolo chimanyoza oonera. Chimene chimachotsa kapepalako chimatchinjiriza olakwa.

Mabungwe amene amapereka ndalama za ntchito zoterezi asiye kubwera ndi uthenga wolemberatu. Alipire mmisiri kuti akhale m'deralo nthawi yokwanira kumva, alipirenso telala, wowotcherera zitsulo ndi wolemba zikwangwani amene agwire naye ntchito, ndipo maina awo alembedwe mofanana ndi lake. Amisiri nawo achepetse zonena, asankhe chinthu chimodzi, ndipo achionetse ku Chilobwe chisanapite ku Mandala kapena kunja kwa dziko. Ngati munthu wa ku Naotcha angalowe, n'kuima nthawi yaitali, kenako n'kupita kukaitana mnansi wake kuti adzaone, ntchitoyo yatheka, ngakhale nyuzipepala isalembe.