Lebohang Kganye ndi zovala za malemu mayi ake

Mayi a Lebohang Kganye anamwalira mu 2010. Mwana wawoyu, yemwe anabadwira ku Katlehong pafupi ndi Johannesburg mu 1990, anaphunzira kujambula ku Market Photo Workshop, sukulu yomwe David Goldblatt anayambitsa mu 1989. Anthu atabalalika pamaliro, m'nyumba munatsala zomwe zimatsala kulikonse: zovala ndi zithunzi zakale. Poziyang'ana, Kganye anazindikira kuti madiresi ena omwe mayi ake anajambulitsa nawo ali mtsikana anali adakalipo.

Zomwe anachita ndi madiresiwo ndi zimene zinabala Ke Lefa Laka: Her-story, ntchito yomwe inatuluka mu 2013. Ankavala diresi la mayi ake, n'kufunafuna malo omwe iwo anaima tsiku lojambulitsa, n'kuima momwemo, dzanja pomwepo, khosi atalipendeketsa chimodzimodzi. Kenako pa kompyuta ankasanjika chithunzi chake pamwamba pa chakalecho, chapamwambacho n'kuchichepetsa mphamvu kuti chapansi chizionekera.

Kufotokoza kokha kumamveka ngati masewera a mwana wodziwa Photoshop. Ambirife taonapo zithunzi za pamaliro zomwe malemu amawaika m'mitambo, nkhunda zikuuluka pambali, makwinya onse atawafufuta. Cholinga cha zithunzi zimenezo n'chabwino, koma zimatichotsera munthu yemwe tinkamudziwa n'kutipatsa mlendo wosalala nkhope. Kganye sanapite njira imeneyo, ndipo luso lake lagona pa chinthu chomwe wojambula wina akanachiyesa cholakwa: matupi awiriwo sagwirizana bwinobwino.

Yang'anani chithunzi chomwe onse avala suti ya pinki, kapena chomwe ali mu diresi logonera pafupi ndi wailesi. Phewa la mwana lapitirira pang'ono phewa la mayi. Nkhope ziwiri zayandikana, mwina kulowerana, koma sizinasanduke imodzi. Mitundu ya chithunzi chakale inayamba kale kufwifwa, ndipo sanaitsitsimutse. Diso limayamba lafuna kuwaphatikiza awiriwo, n'kulephera, n'kuyesanso. Kulephera kumeneko ndiye chisoni chenichenicho. Diresi lakwana, kaimidwe kafanana, magazi ndi amodzi, koma kampata kakang'ono kaja sikatsekeka. Akanasuntha chithunzi chake pang'ono chabe kuti chikhale ndendende pa cha mayi ake, bwenzi atanena bodza loti imfa yagonja.

Chinanso chodabwitsa ndi chakuti wooneka ngati mzukwa nthawi zambiri ndi wamoyoyu. Mayi aima olimba m'chithunzi chawo, pamalo awo, m'tsiku lawo, pomwe mwanayo ndiye akuonekera mkati, ngati wabwera kudzacheza kwa eni ake. Aliyense amene anaferedwapo akudziwa kuti miyezi yoyamba zimakhaladi choncho.

Kwathu kuno zovala za malemu zimagawidwa kwa abale maliro akatha, ndipo si zachilendo kuti mtima ugunde poona malaya a malume akubwera panjira atavalidwa ndi mphwawo. N'chifukwa chake ntchitoyi siivuta kuimva ngakhale kwa munthu yemwe sanapondeko ku Katlehong.

Pali pomwe ndimakayikira. Njirayi ndi imodzi yomweyo kuyambira chithunzi choyamba mpaka chomaliza, ndipo ukaona zingapo motsatizana, diso limazolowera, n'kuyamba kusirira masitayilo a madiresi m'malo momva kulira. Komanso zithunzi za m'nyumba zimasankha zonena. Munthu amajambulitsa tsiku lomwe watchena, osati tsiku lomwe wadwala kapena ndalama ya lendi yasowa. Mayi amene Kganye akuwatsanzira ndi mayi a masiku abwino okha. Mwiniwake akuoneka kuti ankadziwa zimenezi, chifukwa m'ntchito zotsatira anasiya kudalira chithunzi pachokha, n'kuyamba kudula zithunzi zikuluzikulu pamakatoni, kuziimika ngati pabwalo la zisudzo motsatira nkhani zomwe achibale ankamusimbira.

Mu 2024 analandira mphoto ya Deutsche Börse Photography Foundation Prize ku London chifukwa cha chionetsero chake cha ku Foam, mumzinda wa Amsterdam. Ntchito zatsopanozo n'zazikulu komanso zochititsa kaso, koma kwa ine palibe yomwe yafika pa Her-story.