Galasi la Akulu m'Chithunzi cha Ana

Mwana wa ku Chibavi kapena ku Zolozolo mumzinda wa Mzuzu ataona chithunzi chotchedwa "Maseŵera a Ana" sangavutike kuzindikira zomwe zikuchitikamo. Chithunzichi adachijambula Pieter Bruegel m'chaka cha 1560 ali ku Antwerp, mzinda wa malonda womwe lero uli m'dziko la Belgium, ndipo chimasungidwa ku Vienna m'dziko la Austria. M'menemo muli ana oposa 200 akuchita maseŵera pafupifupi 80. Atsikana aŵiri akuŵakha timafupa monga achitira oseŵera phada, pomwe ana ena akuthamangitsa mikombero ndi timitengo monga momwe anyamata a kuno amachitira ndi limu ya njinga.

Komabe munthu woyang'anitsitsa amapezamo chodabwitsa. Ana ambiri sakuseka. Avala ngati akulu ndipo aikapo mtima ngati ali pantchito. Pakati pa chithunzi pali ukwati wa masanje, mkwatibwi akuperekezedwa ndi anzake. Ena anyamula mwana wongoyerekeza ngati akupita kukamubatiza. M'munsi, kudzanja lamanja, mtsikana wina watsegula kagolosale ndipo akuyeza ufa wa njerwa pasikelo. Ubatizo, ukwati ndi malonda ndi zochita za akulu, koma pano zili m'manja mwa ana.

Zizindikiro zina nzozama kuposa apa. Mnyamata wopuliza thovu la sopo akukumbutsa kuti moyo suchedwa kuphulika. Mwana womangidwa kumaso, amene akufufuza anzake ndi manja, akuimira munthu woyenda osadziŵa komwe akupita. Kagulu ka anyamata komwe kakukoka mnzawo tsitsi kakuonetsa nkhanza za ambiri pa mmodzi. Nyumba yaikulu yooneka ngati ya akuluakulu a mzinda nayonso yadzaza ana, ngati kuti wojambulayo akufunsa kuti kodi olamula amasiyana pati ndi oseŵera.

Akatswiri sagwirizana pa tanthauzo la zonsezi. Ena amati Bruegel ankanyogodola akulu amene amataya nthaŵi ndi zachabe. Ena amati ankalemekeza maseŵera ngati sukulu yoyamba ya mwana. Maganizo aŵiriŵa satsutsana kwenikweni. Mwana amaphunzira poseŵera, koma zomwe amaseŵerazo amazitenga kwa akulu. Pamasanje, woseŵera ngati bambo akabwera akudzandira ndi kukalipira woseŵera ngati mayi, sikuti wazilota ayi. Waziona pakhomo.

Mphamvu ya chithunzichi yagona pamenepa. Bruegel sadajambule mlaliki kapena mphunzitsi woloza chala, adangodzaza msewu ndi ana ndi kusiya akulu adzione okha. Akale adati m'mera mpoyamba. Mudzi wofuna kudziŵa khalidwe lake usafunse kutali, ungopita kukaonerera ana ake pamasanje.