"Kuthetsa Dzina" Kapena "Kulondola Dzina"?

Omasulira ena amatcha ntchito ya DNS "kuthetsa dzina". Uku ndi kulakwitsa. Njira imeneyi, imene Paul Mockapetris anaikonza mu 1983, siithetsa kanthu: imalandira dzina la kompyuta n'kupereka nambala yake ya IP. Mawu oyenera ndi "kulondola dzina", pakuti dzinalo limatifikitsa pakhomo.

Nawonso mawu akuti "mtambo wachinsinsi" ngosokeretsa. Nkhani yake ndi ya umwini: makompyutawo amatumikira bungwe limodzi, ndipo kawirikawiri mayina awo amayankhidwa m'kati mokha. Dzina likasowa m'kaundula wa m'katimo, uthenga wopita ku kompyuta ina umaima. Tiyenera kunena "mtambo wa eni".

Alembi ndi aphunzitsi tisamale, chifukwa wophunzira womva "kuthetsa" akhoza kufufuta dzina lomwe anayenera kulilemba.