Mudzi Wopanda Dzina wa M'nthano: Zomwe Tidamva ku Florida, Mutare

M'nthano zambiri za Chichewa muli mudzi waung'ono wa m'mbali mwa mtsinje. Mudziwu ulibe dzina, mfumu yake ilibe mfunda. M'dziwe lake njoka imalankhula, ndipo mbalame imatha kuulula mlandu wakupha, monga ichitira m'buku la J. W. Gwengwe lotchedwa Sikusinja ndi Gwenembe. Ofufuza ena amauwerenga mudziwu ngati umboni wa m'mene Achewa ankakhalira kale. Ife tikuti kutero nkuphonya, pakuti mudziwu udamangidwa ndi galamala.

Taonani m'mene wokamba amabisira malo. Mawu otsegulira akuti "padangotero" ali ndi mphatikira pa- wosaloza dzina lililonse. -Da- amakankhira nkhani kutali. Kenaka "mudzi wina", "tsiku lina". Koma akafika pa madzi salekerera: khwawa amalisiyanitsa ndi mtsinje, dambo ndi dziwe, ndipo amatchula dooko, potungira madzi, pomwe atsikana amakumana ndi zirombo. Womvera sadziwa kuti ali dziko liti, koma amadziwa bwino pomwe phazi lake laponda.

Ku Florida, mumzinda wa Mutare (Umtali kufikira 1982), tidamvera agogo ena, mwana wa matchona omwe adachoka ku Nyasaland kudzafuna ntchito, akukambira adzukulu nthano yotere. Zinthu zidatembenuka. Mudzi uja adaupatsa malo: "kwathu ku Ntcheu". Koma atatchula dooko ana adafunsa tanthauzo, ndipo agogowo adangoti rwizi, liwu la Chishona la mtsinje. Khwawa ndi dziwe nazo zidamira m'liwu lomwelo. Povomereza, ena ankati "tili tonse", ena "dzepfunde". Kwa ana akumpopi amene sadaonepo Malawi, Ntcheu ndiye dziko lomwe njoka zimalankhula, motero dzinalo likugwira ntchito yomwe "wina" ankagwira.

Malamulo a dziko la Zimbabwe a 2013 adaika Chichewa pakati pa zilankhulo 16 zovomerezeka, choncho funso la nthano zoyenera kusindikizira ana awa silopeka. Mkonzi adzafuna kufufuta Ntcheu ndi rwizi kuti nthano "iyere". Ife tingapemphe kuti Ntcheu asiyidwe m'mene agogo adamuikira, koma dooko, khwawa ndi dziwe zibwezedwe, chifukwa popanda dooko mwana sangamvetse chomwe mtsikana adapitira yekha kumadzi m'bandakucha.